Kutentha Si Mdani

3 Febuluwale

Okondedwa alamu,

Moni kuchokera kuno. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mbewa zanu. Musakwiye, achimwene anu ndi amene andiuza kuti ndilembe choncho, akuti museka. Ife tilipo, koma osati kwenikweni.

Foni yanu ndaimba mpaka chala kutopa, simuyankha. Ndiye ndati ndilembe, pepala silidula munthu pakamwa.

Achimwene anu anasiya ntchito kodula miyala kuja mwezi watha. Sanawachotse ayi, mpweya ndi umene wawathera. Kuti akwere masitepe kufika kwathu pa nsanjika yachitatu amaima katatu, ndipo akaima amawerama ngati akumanga nsapato kuti aneba asadziwe. Nsapato zake zopanda ndi zingwe zomwe! Kuchipatala dokotala anakweza chithunzi cha m'chifuwa pa nyali n'kundionetsa zoyerayera, ngati wina wawazamo ufa. Akuti ndi zipsera. Fumbi la miyala ya m'makhitchini mwa anthu olemera lija, zaka khumi ndi zinayi, laumitsa mapapo, moti sakufufumanso. Ndinafunsa za mankhwala. Anati chipsera sichichoka, koma tisamale chinthu chimodzi: akangotentha thupi tithamange nawo tsiku lomwelo, chifukwa mapapo otere sachedwa kugwidwa ndi matenda ena.

Apongozi anabwera kudzakhala nafe, amagona pabalaza. Atamva za dokotala uja anangoti, "Ameneyo adziwa chiyani? Mwana wanga kunjako amakonza mapapo tsiku ndi tsiku." Ine sindidziwa chimene mumachita kwenikweni, ndimangomva kuti ndi mapapo a mbewa. Koma mapapo ndi mapapo.

Ndikudziwa kuti simundikonda. Dzina lija la Nasopo munandipatsa tsiku la ukwati ndinalimva, ndipo linandikhala, ngakhale kochapira zovala kumene ndimagwira ntchito amandiitana lomwelo. Palibe kanthu, sopo si chitonzo. Sindikupemphera ine. Ndaika chithunzi chija m'envelopu momwemu. Tachionani, mutiuze ngati pali chimene tingachite. Ndili ndi mantha, alamu, munthu ndikumuona akutha.

Ine mlamu wanu.

1 Malichi

Achimwene,

Ndalandira kalata imene analemba akazi anu. Ine ndili bwino, ntchito yokha ndiyo yachuluka. Mupereke moni kwa amayi. Foni sindiyankha ndikakhala mu labu, manja amakhala m'magolovesi, ndiye muwauze asamaimbe ngati kwayaka moto.

Chithunzi ndachiona. Ndinakuuzani kalekale za chophimba pamphuno, inu munkati chimakuyabwani ndevu. Basi, madzi akatayika saoleka.

Poti kumeneko mukuyesa kuti ndimangoseweretsa mbewa, ndifotokoze zimene ndimachita. A Nasopo muwawerengere pang'onopang'ono. Thupi linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo ikadzidzimuka ndi kutentha imatulutsa mapuloteni ena ake, ife timangoti mapuloteni a kutentha. Ntchito yawo ndi kuwongola zimene zapindika m'kati mwa selo, seloyo isanafe. Akazi anu amve chonchi: ali ngati munthu wosita, amapeza malaya okwinyika n'kuwawongola. Mbewa zathu timaziika m'bokosi lotentha kwa mphindi khumi ndi zisanu. Mapuloteni aja amachuluka, ndipo mapapo a mbewa zimenezo sachita zipsera zambiri ngati a zinzake. Ndaziona ndi maso angawa, osati kamodzi. Anthu mumaopa kutentha, koma kutentha si mdani. Thupi likatentha ndiye kuti likudziteteza.

Zimenezi ndikazilankhula pa msonkhano waukulu mwezi wamawa. Ndine ndekha mkazi amene wasankhidwa m'gulu lathu, amayi muwauze.

Mundilembere dzina la mwala umene munkadula ndi mtundu wa makina ake. Mkulu wa labu yathu wachita chidwi ndi chithunzi chanu, akuti sanaonepo mapapo otere mwa munthu wa zaka makumi anayi.

Ine mlongo wanu.

2 Epulo

Okondedwa alamu,

Moni. Zikomo kwambiri chifukwa choyankha, ngakhale munayankha amuna anga pamene ndinalemba ndine. Andiwerengera pang'onopang'ono monga munalamulira, ngakhale kuwerenga ndimatha.

Kalata yanu yayenda nsanjika zonse za nyumba ino. Apongozi aionetsa kwa atelala, kwa mlonda wa pageti, ngakhale kwa munthu wodzawerenga mita ya madzi. Amaisunga m'bulauzi. Ineyo ndaseka za wosita zija: zaka khumi ndi ziwiri ndili ndi simbi m'manja, osadziwa kuti ndili ndi abale m'chifuwa mwa munthu!

Ndiye tayamba. Nzeru inabwera ndi apongozi. Anati, "Nasopo, kuntchito kwanu kulibe bokosi ngati limenelo?" Lilipo. Kuseri kwa mochapira kuli chipinda choumitsira, muli makina asanu ndi limodzi a matawulo ndi nsalu za pabedi za m'mahotela. Mulibe zenera. Ife timalowamo mothamanga n'kutuluka mothamanga, mpweya wake umawawa m'mphuno. Akapitawo ndinawapempha, anati, "Ine ndikamadya sindiona." Choncho masana aliwonse achimwene anu amabwera pa basi, amakhala pa ndowa yovundikira pakati pa makinawo, ine ndimatseka chitseko n'kumayang'ana wotchi ya pakhoma. Tsiku loyamba anatuluka malaya ali nyowee, akuseka, akuti chifuwa chatseguka. Sindinawaone akuseka chotero chiyambire chaka chino. Ndinapita kuseri kwa madengu n'kukalira, alamu, ndinakudalitsani ine.

Dzina la mwala akuti sakulikumbuka bwino, akafunsa anzawo.

Tsopano ndili ndi mafunso awiri, paja safunsa anadya phula. Loyamba: ngati mbewa ndi mphindi khumi ndi zisanu, munthu wamkulu ndi zingati? Apongozi akuti ola lathunthu poti munthu ndi wamkulu kuposa mbewa. Ine ndimawatulutsa ikakwana theka, ndiye timakangana.

Lachiwiri ndi limene likundidya. Kuyambira sabata yatha thupi lawo likutentha lokha, kunyumba komwe, dzuwa likangopendeka. Thukuta kunyowetsa pilo, chakudya osachifuna. Dokotala uja anati zikatero tithamange. Inu mwati kutentha si mdani. Nesi wa pa nsanjika yapansi anabwera kudzawaona nati tipite kuchipatala msanga, apongozi anamuthamangitsa, akuti nesi wamba sangatsutse mwana wawo. Mapilitsi oziziritsa thupi awabisa. Achimwene anu nawonso akukana, akuti mlongo wawo sangawanamize. Ine ndili pakati. Kodi kutentha kumene munanena ndi komweku? Tipite kuchipatala kapena tidikire? Chonde yankhani mwamsanga, ngakhale mawu amodzi.

Ine mlamu wanu.

30 Epulo

Achimwene,

Moni nonse. Ndikulemba ndili ku msonkhano uja, papepala la hotela. Kalata ya akazi anu inandipeza ndikunyamuka, ndangoona poyambira pokha, zilembo zawo zimandipweteka maso. Ndakondwa kuti amayi akunyadira.

Nkhani yanga aiwombera m'manja. Chithunzi chanu ndinachionetsa pakhoma, chachikulu ngati chitseko, anthu anagwira pakamwa. Dzina la mwala ndikulidikirabe.

Zimene mukuchitazo pitirizani, musafooke.

Ine mlongo wanu.

24 Meyi

Mlongo wanga, Dokotala wa mbewa,

Moni. Lero ndalemba ndekha. Ukaona zilembo zikuvina usaseke.

Tamva yankho lako. Mlamu wako anali atayamba kale kulongedza chikwama cha kuchipatala, amayi anamuwerengera mawu ako katatu: pitirizani, musafooke. Anamasula chikwama. Tsopano m'chipinda muja ndimakhala ola lathunthu.

Ndiye ine ndi mbewa yako yaikulu. Uwauze akuluakulu akowo kuti kuno uli nayo ya makilo makumi asanu ndi awiri. Inali ya makumi asanu ndi awiri kuphatikiza khumi ndi asanu ndi atatu, koma yaphwa. Buluku ndaboola lamba kawiri.

Kutentha thupi sikunasiye. Ndikamva kukubwera ndimati, eya, osita aja afika, agwire ntchito. Sabata yatha ndinatsokomola magazi pang'ono m'sinki. Mlamu wako anakuwa. Amayi akuti ndi zipsera zikusenda. Iwe ukuti bwanji? Kunena zoona mphamvu ndilibe. Pa masitepe anzanga awiri a kuntchito amachita kundinyamula pa mpando.

Koma sindikudandaula. Ukudziwa, chichokere iwe ndinkayesa unatiiwala. Zaka zisanu ndi zitatu, makalata atatu. Ndiye kuona kuti zaka zonsezi unali pa mapapo, ndipo chithunzi changa unachikweza pamaso pa anthu ophunzira, mtima wanga unadzaza. Ndinauza anzanga aja. Mmodzi wayamba kutsokomola ngati ine, akufunsa ngati m'chipindamo muli malo a anthu awiri.

Mwala uja ankangoutcha woyera wa kufakitale, si wokumba pansi, ndi woumba. Fumbi lake linali losalala ngati la pa nkhope ya akazi. Dzina lenileni palibe akulidziwa. Pepa.

Mlamu wako usamamunyoze. Amandisambitsa.

Ine achimwene ako.

19 Juni

Iwe Nasopo,

Kalata ya achimwene yandipeza lero. Ndabwerera ku yako ija ya mu Epulo, ndaiwerenga yonse ndili chiimire. Kodi mutu wako ukuyenda? Munthu wa mapapo ouma, wopuma movutikira, iwe n'kumamutsekera m'chipinda cha makina, mopanda mpweya, modzaza ulusi wa matawulo? Ola lathunthu?

Ndani anakuuza? Ine ndinafotokoza za ntchito yanga, sindinalembe mankhwala. Mbewa timazitenthetsa zili zamoyo bwinobwino, mapapo ake asanavulale, zili zogonetsedwa, tikuziyeza mphindi iliyonse. Mapuloteni aja amateteza selo isanawonongeke. Chipsera chimene chauma kale sachisita munthu. Ndiponso mapuloteni a kutentha alipo a mitundumitundu, ena ndi amene amathandiza kumanga zipsera zomwezo. Izi ndi za mu labu, pa munthu sitinafikepo n'komwe. Mwana wa sukulu akanamva. Ukanakhala kuti sunamvetse ukanafunsa munthu wophunzira, osati kuthamangira ndowa.

Kutentha thupi kwa miyezi iwiri, kuonda, magazi: chimenecho ndi chifuwa chachikulu mpaka dokotala atatsutsa. Chimakonda anthu a fumbi la miyala, ndipo chimachizika. Dokotala anakuuza ndi pakamwa pake kuti uthamange. Iwe unali ndi makutu. Amayi ndi okalamba, achimwene ndi odwala, wanzeru m'nyumbamo umayenera kukhala iwe. Achimwene akafa udziwe kuti wawapha ndi manja ako.

Ukangolandira kalata ino pita nawo kuchipatala, osadikira kuti kuche kawiri. Mnzawo wotsokomola uja asayandikire chipinda chimenecho.

China. Makalata anga awiri aja usawaonetse kwa madokotala kapena kwa wina aliyense. Anthu akhoza kuwamva molakwika monga unachitira iwe, ndipo kuno nkhani yotere imachotsetsa munthu ntchito. Uwaike m'envelopu unditumizire.

Ndayesa kuimba foni, yanu ndi yotseka.

Mlongo wa amuna ako.

23 Juni

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Moni sindikupatsa, ndilibe. Achimwene ako anatisiya pa 14, masana, kuchipatala. Tinaika pa 16. Foni anaigulitsa mkazi uja, akuti ya galimoto yopitira kuchipatala, ndiye sitinathe kukuuza.

Usadziimbe mlandu ngakhale pang'ono. Mankhwala ako ankagwira. Ndinkaona ndi maso anga zoipa zikutuluka. Koma Nasopo anadikira ine nditapita kumsika, n'kuitana amuna awiri aja, kumunyamula mwana wanga ngati thumba kupita naye kwa madokotala amene anamulephera kale. Masiku asanu okha, basi. Akanamusiya akanachira.

Kumaliro anthu ena anayamba manong'onong'o, nesi wapansi uja ndiye anali patsogolo, akuti munthu anaphikidwa. Ndinaimirira ine. Ndinati ngati anaphikidwa, funsani mwini makina. Ndani amagwira ntchito kumeneko? Ndani ankatseka chitseko? Dzina lako silinatuluke pakamwa panga, ndipo silidzatuluka. Atelala ndi mlonda ndawauza kale kuti kalata imene ndinawaonetsa ija inali ya moni chabe.

Mkaziyo ndamuuza achoke. Nyumba ino inalembedwa m'dzina la mwana wanga, ndipo sanamuberekere ngakhale mmodzi. Wanyamula simbi yake ndi zovala. Koma pochapa bulauzi yanga anatengamo makalata ako, wapita nawo. Samala naye, njoka ameneyo.

Ubwera liti? Ndatsala ndi iwe wekha. Masitepewa andikulira.

Mayi ako.

20 Julayi

Alamu,

Ndikuti alamu poti dzina lina ndilibe, ngakhale chimene chinkatilumikiza chili m'dothi. Moni. Kalata yanu ya pa 19 Juni mlonda wa pageti anandisungira, ndaitenga sabata yatha. Munalemba kuti achimwene akafa. Pamene munkalemba n'kuti atagona masiku atatu kumanda.

Ndikukhala kwa mnzanga wa kuntchito, kapena nditi wa kumene kunali kuntchito. Nkhani itamveka eni ake anatichotsa tonse awiri, ine ndi akapitawo, bambo wa ana anayi amene tchimo lake linali kudya osayang'ana. Mnzawo wa amuna anga uja ndinamuperekeza ndekha kukayezetsa, ali pa mankhwala.

Mwati ndawapha ndi manja anga. Sindikukana. Chitseko chija ndinkatseka ndine. Tsiku lina anagogoda ola lisanakwane, apongozi anali pomwepo anandigwira mkono, ndipo ine ndinayang'ana wotchi m'malo moyang'ana chitseko. Zimenezo ndidzafa nazo, sindifuna wondithandiza kusenza. Ndinamvera pepala kuposa maso anga, chifukwa ndinkadziona ngati Nasopo, ndipo inu ngati munthu wodziwa.

Koma musati sindinafunse. Munthu wophunzira amene ndinamufunsa ndinu.

Kuchipatala anapeza chifuwa chachikulu, monga mwanenera. Dokotala yemwe uja anandikokera pakhonde. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Mayi, mukanabwera mu Epulo, ichi tikanachiza." Kenako analowa n'kufunsa kuti za chipinda chotenthazo anatiuza ndani. Makalata anu anali m'chikwama changa, dzanja ndinali nditalowetsa kale. Achimwene anu anachotsa chopumira chimene anawaika kukamwa, milomo ili bii, nati, "Ndinaganiza ndekha, adokotala." Anawabwezera chopumira, iwo akundiyang'ana ine mpaka ndinatulutsa dzanja lopanda kanthu.

Choncho za ntchito yanu musaope. Makalatawo sindionetsa munthu, anandilumbiritsa. Koma kukutumizirani ayi. Analembedwa kwa amuna anga, ndipo pa zinthu za amuna anga ndi okhawo amene ndatuluka nawo m'nyumba muja.

Anandilumbiritsanso china, kuti ndisadzakuuzeni kuti sizinagwire. Akuti mungachite manyazi pamaso pa anzanu, mungagwe ulesi ndi mbewa zanu, pamene mwina mawa zidzathandiza wina. Akuti ndidzati ankapeza bwino, kenako mtima unangoima. Lumbiro limenelo ndaliphwanya lero, ndipo sindikumva chisoni.

Masiku asanu a kuchipatala aja ankangofunsa chinthu chimodzi. Nesi akalowa, wokolopa akalowa, iwo, "Kodi mlongo wanga wayankha?" Tsiku lomaliza m'mawa ndinatopa nako kupukusa mutu. Ndinatenga pepala la malamulo a m'wodi limene linali pa kabati, ndinalitambasula ngati kalata, n'kuwawerengera. Ndinati mwalemba kuti mwanyadira. Ndinati mwati apirira kuposa mbewa zonse, ndipo akuluakulu anu aphunzirapo kanthu. Ndinati mwagula kale tikiti, mukubwera kudzawaona. Ndinawonjeza ndi mawu amene inu simunawalembepo chibadwire, akuti mumawakonda. Ndinawerenga pang'onopang'ono.

Anamwetulira m'kati mwa chopumira chija. Anandikodola, ndinaika khutu. Ndinkayesa anena za ine, zaka khumi ndi chimodzi za banja, mwina kabodza kakang'ono koti ndinali mkazi wabwino. Anati, "Umuthokoze."

Sanalankhulenso. Ndiye uthenga wanu ndi umenewo, ndaufikitsa. Achimwene anu akuti zikomo.

Nasopo.